Kalata yotseguka kwa akonzi a nkhani pa za ofuna kukhala wachiwiri kwa pulezidenti

Olemekezeka akonzi ndi eni nyumba zofalitsa nkhani,

Ndikukulemberani ngati mmodzi mwa anthu amene amadalira ntchito yanu kuti amudziwe munthu amene akufuna kumupatsa voti, ndipo nkhani yanga ndi ya zimene mumachita chipani chikangotulutsa dzina la amene adzaime limodzi ndi wopikisana pa mpando wa pulezidenti ngati wachiwiri wake. Tsiku limenelo munthu amene dzulo lake ankadziwika m'chigawo chake chokha amakhala pakamwa pa dziko lonse, ndipo ndinu amene mumasankha chimene anthu ayambe kumudziwa nacho. Chimene chikundiwawa n'chakuti masabata oyambirirawo, amene ndi ofunika kuposa ena onse, amathera pa nkhope yake, zovala zake, ana ake ndi mphekesera za kuchipinda, pamene mafunso a mmene munthuyo anagwiritsira ntchito mphamvu ndi ndalama za anthu amakankhidwira m'masamba a m'kati amene owerenga ambiri safikako.

Sindikukupemphani kuti muzimunyengerera munthu wotereyu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo amene wavomera kuti dzina lake likhale pa pepala lovotera wavomeranso kuti mbiri yake ivundukulidwe. Ndikupempha kuti nkhonyazo zizigwera pamalo pake, chifukwa udindo umenewu, ngakhale ambiri amauyesa wongodzaza mpando, ndi umene umatulutsa mtsogoleri wa dziko pa tsiku limene palibe analikonzekera. Ku America achiwiri kwa pulezidenti okwana 9 anatenga mpando waukulu chisankho chisanafike, 8 chifukwa cha imfa ya pulezidenti, ndipo mmodzi, Gerald Ford, chifukwa chakuti Richard Nixon anatula pansi udindo mu 1974. Harry Truman anali atangotha masiku 82 pa uchiwiri pamene Franklin Roosevelt anamwalira mu Epulo 1945, ndipo pasanathe miyezi inayi mabomba a ku Hiroshima ndi ku Nagasaki anagwetsedwa iye ali pa mpando, chikhalirecho ali wachiwiri sanauzidwe tsatanetsatane wa chida chimenecho. Goodluck Jonathan ku Nigeria mu 2010, Joyce Banda ku Malawi ndi John Mahama ku Ghana mu 2012, komanso Samia Suluhu Hassan ku Tanzania mu 2021, onsewa analumbiritsidwa chifukwa pulezidenti anamwalira ali pa udindo. Choncho funso limene mkonzi ayenera kukhala nalo pamtima n'lakuti munthu uyu akadzuka mawa ali ndi asilikali, chuma cha boma ndi makhoti pamaso pake, adzachita nazo chiyani.

Chisankho cha ku America cha mu 2008 chimaonetsa bwino mmene funso limeneli limasokonekera. Pa 29 Ogasiti John McCain, amene ankapikisana pa upulezidenti m'chipani cha Republican, analengeza kuti wasankha Sarah Palin, bwanamkubwa wa Alaska, kukhala wachiwiri wake. Tsiku lomwelo McCain ankakwanitsa zaka 72, ndipo zinali zodziwika kuti anadwalapo khansa yapakhungu. Palin anali ndi zaka 44, anali asanathe zaka ziwiri pa ubwanamkubwa, ndipo m'mbuyomo anali meya wa tauni yaing'ono ya Wasilla. Panalibe chifukwa chochitira manyazi kufunsa ngati mayiyu anali wokonzeka kulamula dziko. Koma masiku atatu asanathe, chimene chinadzaza intaneti ndi bodza lakuti khanda limene anabereka mu Epulo chaka chomwecho, lobadwa ndi vuto la Down syndrome, silinali lake koma la mwana wake wamkazi. Pofuna kuthetsa bodzalo, pa 1 Seputembala banjalo linalengeza kuti mtsikanayo, wa zaka 17, anali ndi pakati pa miyezi ingapo. Mwana wa sukulu amene sanapemphe voti ya munthu aliyense anadzuka mimba yake ili pa tsamba loyamba la nyuzipepala za m'mayiko ambiri. Magazini ya Us Weekly inaika pachikuto chithunzi cha Palin atanyamula khanda lija, pambali pake pali mutu wa nkhani wa zilembo zikuluzikulu wonena za makanda, mabodza ndi zochititsa manyazi. Nyuzipepala yamiseche ya National Enquirer inalemba kuti mayiyu anali ndi chibwenzi chamseri, zimene a kampeni yake anakana kwamtuwagalu. Zinatengera Barack Obama, amene ankapikisana nawo, kukumbutsa atolankhani kuti mabanja a andale, makamaka ana, asalowetsedwe m'nkhondo ya chisankho, ndipo ananenanso kuti iye mwini anabadwa mayi ake ali ndi zaka 18.

Nthawi yomweyo panali nkhani zenizeni zimene zinkafuna mtolankhani wakhama. Mu Julayi chaka chimenecho Palin anali atachotsa Walt Monegan, mkulu woyang'anira chitetezo cha anthu ku Alaska, ndipo Monegan ankanena kuti anachotsedwa atakana kuthamangitsa wapolisi wina amene banja lake ndi mng'ono wake wa Palin linatha moipa. Nyumba ya malamulo ya Alaska inalamula kafukufuku, ndipo lipoti la Stephen Branchflower la pa 10 Okutobala linapeza kuti ngakhale bwanamkubwayo anali ndi mphamvu zochotsa Monegan, anaphwanya lamulo la khalidwe la ogwira ntchito m'boma polola kuti akuluakulu apanikizidwe pa nkhani ya wapolisiyo. Kafukufuku wina wa bungwe loona za ogwira ntchito m'boma la Alaska, amene anatuluka kutatsala tsiku limodzi kuti anthu avote, anamuyeretsa. Panalinso nkhani ya mlatho wopita pa chilumba cha Gravina, umene Palin ankauza misonkhano kuti anaukana ngati kuwononga ndalama za boma, chonsecho pamene ankapikisana pa ubwanamkubwa mu 2006 ankaugwirizana nawo. Izi ndi nkhani zosonyeza ngati munthu amasiyanitsa za banja lake ndi za boma, komanso ngati amanena zoona pa mbiri yake. Sindikukana kuti zinalembedwa, ndipo atolankhani ena anazitsatira mwakhama. Koma funsani munthu wamba lero chimene amakumbukira za Palin, adzakuuzani za mimba ya mwana wake, magalasi ake, kapena mawu akuti amaona dziko la Russia ali pakhomo pake, mawu amene sanatuluke pakamwa pake koma pakamwa pa wanthabwala Tina Fey pa pulogalamu ya Saturday Night Live.

Ngakhale nkhani ya zovala inali ndi mbali yake yoyenera. Mu Okutobala, nyumba yofalitsa nkhani zandale ya Politico inaulula kuti chipani cha Republican chinawononga ndalama zopitirira madola 150,000 pa zovala ndi zodzikongoletsera za Palin ndi banja lake. Ndalamazo zinali za anthu othandiza chipani, ndipo mayiyu ankadzigulitsa kwa ovota ngati mayi wamba wodziwa mavuto a mabanja osauka, choncho kufunsa kunali koyenera. Funsolo linali lakuti ndani analamula, ndalama zinachokera kuti, ndipo lamulo likuti chiyani. Mmalo mwake nkhaniyo inasanduka mpata woonetsa zithunzi za majekete ndi nsapato kwa masiku ambiri, pa nthawi imene mabanki akuluakulu a ku America ankagwa ndipo anthu ankalandidwa nyumba.

Chimene chinathandiza ovota kumudziwa Palin sichinachokere kwa ofukula za m'banja. Chinachokera kwa Katie Couric, mtolankhani wa wailesi ya kanema ya CBS, amene kumapeto kwa Seputembala anakhala naye pansi n'kumufunsa modekha mafunso oti aliyense wofuna udindowo ayenera kuwayembekezera: nyuzipepala zimene amawerenga kuti adziwe zochitika, ndi chigamulo china cha bwalo lalikulu la milandu, kupatula cha Roe v. Wade chokhudza kuchotsa mimba, chimene sagwirizana nacho. Palin sanatchule nyuzipepala ngakhale imodzi ndipo sanatchule chigamulo china chilichonse. Couric sanakweze mawu, sanatchule mwana wa munthu, anangobwereza funso pamene yankho linali kuzemba, ndipo oonera anaweruza okha. Utolankhani umenewu ndi umene ndikukupemphani, ndipo mukuona kuti si wofewa ayi.

Apa ndi pamene pali mfundo imene ndikufuna muimvetse, chifukwa ikukhudza ntchito yanu yomwe. Nkhani zamiseche sizimupweteka wandale monga mmene mumaganizira. Nthawi zambiri zimamuteteza. Pa 3 Seputembala 2008, masiku awiri chiululikire za mwana wake, Palin anaima pa msonkhano waukulu wa chipani ku St. Paul, Minnesota, nadzudzula atolankhani, ndipo holo yonse inaphulika ndi m'manja. Kuyambira pamenepo, funso lililonse lovuta linkatha kuponyedwa m'gulu limodzi ndi chipongwe chimene mwana wake anachitiridwa, ndipo omutsatira analibenso chifukwa chomvera zimene nyuzipepala zinkapeza pa nkhani ya Monegan kapena ya mlatho. Mukamuzunza munthu pa zinthu zopanda pake, mumamupatsa chifundo cha anthu kwaulere, ndipo tsiku limene mwapeza umboni wa katangale mumapeza kuti palibe amene akukukhulupirirani.

Andale amadziwa zimenezi kuyambira kale. Mu Seputembala 1952 New York Post inalemba kuti Richard Nixon, amene ankaima ndi Dwight Eisenhower ngati wachiwiri wake, anali ndi thumba la ndalama zokwana pafupifupi madola 18,000 zochokera kwa anthu olemera omuthandiza. Limenelo linali funso labwino, ndipo linachokera ku nyuzipepala imene ambiri ankainyoza. Pa 23 Seputembala Nixon anayankha pa wailesi ndi pa kanema pamaso pa anthu pafupifupi 60 miliyoni. Anafotokozako za chuma chake, koma chimene chinakhala m'mitima ya anthu ndi chikhoti chotchipa cha mkazi wake ndi kagalu kotchedwa Checkers kamene anati ana ake amakakonda ndipo sadzakabweza. Makalata omuikira kumbuyo anafika ambirimbiri ndipo dzina lake linakhalabe pa pepala lovotera. Ena mwa inu mudzati, popeza andale amaimika okha akazi awo ndi ana awo pa nsanja kuti akope mavoti, ndiye kuti banjalo lasanduka nkhani. Ndikuyankha kuti chimene chasanduka nkhani ndi zonena za wandaleyo. Ngati akunama za moyo wake, muululeni iyeyo. Mwana amene wauzidwa ndi makolo kuti avale bwino akaime kutsogolo sanasainire pangano lililonse ndi dziko.

Amayi ndi amene amalipira kwambiri pa mchitidwe umenewu. Geraldine Ferraro, mayi woyamba kuimira chipani chachikulu cha ku America pa udindowu mu 1984, anafunsidwa kwambiri za misonkho ndi malonda a nyumba a mwamuna wake, John Zaccaro. Mafunsowo anali ndi maziko, popeza chuma cha banja chikhoza kukhudza zigamulo za munthu wa m'boma, ndipo mu Ogasiti Ferraro anakhala pamaso pa atolankhani nthawi yopitirira ola limodzi ndi theka akuyankha limodzilimodzi. Koma mu Okutobala New York Post inafukula nkhani yakuti makolo ake anagwidwapo pa mlandu wa juga zaka 40 m'mbuyomo, iye ali mwana wa zaka 8, bambo ake atatsala pang'ono kumwalira, nkhani imene mayi ake anali asanamuuzepo. Wovota anaphunzirapo chiyani pa luso la Ferraro lolamula dziko? Mayi wamasiye wokalamba ananyozeka pamaso pa dziko, basi. Kamala Harris, amene Joe Biden anamusankha kukhala wachiwiri wake mu 2020, anali ndi mbiri yaitali yoti ifufuzidwe, ya zaka zimene anali woimira boma pa milandu ku San Francisco ndi ku California konse, ndipo m'menemo munali zigamulo zimene ngakhale a chipani chake ankatsutsana nazo. Koma atangosankhidwa, magazini ya Newsweek inasindikiza nkhani ya loya John Eastman yokayikira ngati mayi wobadwira ku Oakland, ku California komweko, anali woyenera kuima chifukwa makolo ake anachokera kunja, ndipo pambuyo pake magaziniyo inapepesa itaona mmene nkhaniyo inagwiritsidwira ntchito pofesa tsankho.

Nkhani ya umoyo ndi yovutirapo, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Mu 1972 zinadziwika kuti Thomas Eagleton, amene George McGovern, wopikisana pa upulezidenti, anamusankha kukhala wachiwiri wake, anagonekedwapo m'chipatala katatu chifukwa cha matenda a nkhawa ndipo analandira chithandizo cha magetsi m'mutu. Ovota anali ndi ufulu wodziwa za umoyo wa munthu amene akanatha kulamula zida za nyukiliya, ndipo Eagleton analakwa posamuuza McGovern poyamba. Chimene chinali chosayenera ndi zimene zinatsatira. Mtolankhani wotchuka Jack Anderson anaulutsa kuti Eagleton anagwidwapo kangapo akuyendetsa galimoto ataledzera, popanda umboni m'manja, ndipo pamene ankabweza mawu ake zinthu zinali zitaonongeka kale. Eagleton anasiya mpikisano patangotha masiku 18. Anthu a ku Missouri, amene ankamudziwa ntchito zake, anamusankhanso kawiri kukhala phungu wawo m'nyumba ya malamulo ya Senate mpaka anapuma mu 1987. Anthu ambiri odwala matenda omwewo anaphunzira m'masiku amenewo kuti kupita kwa dokotala kukhoza kukuthera ntchito, ndipo phunziro loipa limeneli linachokera m'kalembedwe ka nkhaniyo.

Ndikudziwa kuti nyuzipepala zamiseche nthawi zina zimalasa. National Enquirer ndi imene inaulula mu 2007 za chibwenzi cha John Edwards, amene anaima pa uchiwiri mu 2004, nyuzipepala zikuluzikulu zili chete, ndipo nkhaniyo inafika ku khoti chifukwa panali funso la ndalama za omuthandiza zimene zinagwiritsidwa ntchito pobisa chibwenzicho. Koma kampani yomweyo ndi imene mu 2016 inalipira madola 150,000 kugula nkhani yokhudza Donald Trump ndi cholinga choikwirira, monga mmene mkulu wake wakale David Pecker anafotokozera m'khoti ku New York mu 2024. Nyuzipepala imene imasankha yokha amene imuvule ndi amene imufunditse si yoti inu muziitsatira pambuyo. Komatu mumaitsatira, ndipo njira yake ndi yodziwika: simulemba mphekesera mwachindunji, mumalemba kuti mphekesera zafala, kapena kuti a kampeni akana mphekesera, ndipo potero bodza limene linali m'ngodya ya intaneti limalowa m'nyumba ya aliyense litavala dzina lanu. Mu Julayi 2024 munthu wina analemba pa tsamba la mchezo la X nthabwala yonyansa ndi yabodza yokhudza JD Vance, amene Trump anali atangomusankha kukhala wachiwiri wake, ndipo bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linalemba nkhani yoitsutsa, kenaka n'kuichotsa. Kutsutsako ndi kuchotsako ndi kumene kunapangitsa kuti anthu ambiri amene sanamvepo bodzalo alimve.

Pamene maso ali pa zinthu zotere, zoopsa zenizeni zimadutsa. Spiro Agnew anapambana kawiri ngati wachiwiri wa Nixon, mu 1968 ndi mu 1972, ndipo ankatchuka ndi mawu ake olakwika komanso kunyoza atolankhani. Zakuti ankalandira ziphuphu kwa makampani opatsidwa ntchito za boma kuyambira ali mkulu wa boma la Baltimore ndi bwanamkubwa wa Maryland, ndipo anapitiriza kulandira ali wachiwiri kwa pulezidenti, zinaululidwa ndi oimira boma pa milandu mu 1973. Anatula pansi udindo pa 10 Okutobala chaka chimenecho, osatsutsa mlandu wozemba msonkho. Miyezi khumi pambuyo pake Nixon anachoka pa mpando. Akanakhala kuti ofufuza a ku Baltimore anachedwa pang'ono, munthu wolandira ziphuphu m'maenvulopu akanalumbiritsidwa kukhala pulezidenti.

Ndikumvetsa chimene chimakukokerani ku miseche. Chithunzi cha nsapato chimapezeka m'mphindi zochepa ndipo chimabweretsa owerenga ambiri pa intaneti, pamene kufufuza makontirakiti a boma, zigamulo za makhoti ndi mabuku a ndalama kumafuna mtolankhani wodziwa ntchito amene mumulipire kwa masabata osatulutsa kanthu. Malonda a nyuzipepala atsika ndipo zipinda zolembera nkhani zachepa antchito. Koma chisankho chimabwera kamodzi pa zaka zinayi kapena zisanu, tsiku lake limadziwika kale, ndipo mayina a anthu amene angasankhidwe amamveka miyezi ingapo chilengezo chisanachitike. Palibe chimene chimakuletsani kupatula atolankhani awiri kapena atatu kuti ayambe msanga kuwerenga mbiri ya ntchito ya aliyense wa iwo, kulankhula ndi amene anagwira nawo ntchito, ndi kuona amene anapindula ndi zigamulo zawo, kuti tsiku la chilengezo likafika mukhale ndi nkhani yokhwima m'manja.

Ndikupemphanso kuti nyumba iliyonse ikhale ndi lamulo lolembedwa, lodziwika kwa owerenga, lakuti ana osakwana zaka 18 salembedwa pokhapokha ngati kholo lawo linagwiritsa ntchito udindo wa boma pa nkhani yawo, ndipo kuti wachibale wamkulu amalowa m'nkhani ngati ali ndi ntchito m'kampeni, malonda ndi boma kapena mphamvu pa zigamulo. Mkonzi asanavomereze nkhani ya maonekedwe, mawu kapena ukwati wa mayi, adzifunse ngati akanaivomereza wopikisanayo akanakhala bambo. Nkhani ya matenda izilembedwa ndi thandizo la dokotala wodziwa matendawo, ndipo izinena ngati munthuyo angathe kugwira ntchito lero. Mphekesera imene simunaitsimikize nokha musaibwereze, ngakhale poitsutsa, kufikira itafika poti kukhala chete kukusocheretsa anthu. Mukalakwitsa pa tsamba loyamba, kupepesa kwake kukhalenso pa tsamba loyamba, chisankho chisanachitike.

Chomaliza n'chakuti muziumirira kuti wofuna uchiwiri akhale pansi yekha ndi atolankhani, popanda bwana wake pambali, ayankhe za chuma, za chitetezo ndi za malamulo a dziko. Palin anatha pafupifupi masabata awiri chisankhidwire asanavomere kufunsidwa mozama koyamba, ndi Charlie Gibson wa wailesi ya kanema ya ABC pa 11 Seputembala, ndipo m'masiku amenewo zithunzi zoperekedwa ndi kampeni ndi zimene zinkadzaza masamba. Kampeni ikamubisa munthu wake, musadzaze malowo ndi zithunzi za banja lake akumwetulira. Lembani pa tsamba loyamba mafunso amene mwatumiza, tsiku limene munawatumiza, ndi kuti sanayankhidwe, ndipo muzibwereza tsiku lililonse mpaka ayankhe kapena mpaka anthu akavote.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala zanu